A Chifukwa, Okonza Makina Osokera

Matelala onse a mumsewu wa kuseri kwa msika ankawadziwa ndi dzina limodzi lokha: a Chifukwa. Dzina la makolo anali nalo ndithu, koma palibe ankalitchula, ngakhale akazi awo amene. Ili linabwera ndi pakamwa pawo. Ukafika utasenza mutu wa makina osokera n'kunena kuti, "Akudula ulusi," iwo asanakuyankhe ndi moni womwe ankakufunsa kuti, "Chifukwa?" Ukati sukudziwa, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati wawabera kanthu.

Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa maloko. Munali tebulo lakuda bii ndi mafuta, mpando wopanda chotsamira, chitini cha palafini chotsukiramo zitsulo, ndi mabotolo akale a jamu odzaza mabobini, masikuluu ndi masingano othyoka amene ankakana kuwataya. Mpandowo sunkatha msanga, poti mwini wake sankakhazikika. Ankakhala pang'ono, mwendo uli njenjenje, n'kunyamuka, n'kusuzumira pakhomo, n'kubwerera kudzapukusa gudumu la makina ndi dzanja, khutu atalisendeza pafupi.

Ntchito ankaidziwa, apo palibe wotsutsa. Chowavuta chinali chimodzi: sankabweza makina asanapeze chimene chinawadwalitsa. Paja makina ali ngati mwana wodwala, amene amayamba kusewera mukangofika naye kuchipatala. Telala ankalimbana nawo sabata yathunthu akudumpha, koma akangowaika pa tebulo la a Chifukwa, basi, ayamba kusoka mzere woongoka bwinobwino. Mmisiri wina akanangodontheza timafuta n'kukubwezera. Iwo ayi.

"Asiyeni pompo."

"Koma akusokatu, bambo!"

"Akusoka chifukwa chiyani? Nanga dzulo amakaniranji? Chochira chokha chimadwalanso chokha. Pitani."

Telala ankabwerera chimanjamanja, mayunifolomu a ana asukulu akumudikirira pakhonde, akuwatukwana chamumtima njira yonse. Koma pakapita masiku unkangowaona a Chifukwa akubwera mwandawala, chikhatho atatambasula, pakati pake pali kanyenyeswa ka ulusi kamene kanabisala kunsi kwa mano okokera nsalu, kapena singano yopindika pang'ono zedi moti diso la wamba silingaone. "Nachi chinatsitsa dzaye," ankatero, nkhope ikuwala. Tsiku limenelo kunyumba ankadya mpaka kupempha chowonjezera. Makina okonzedwa ndi iwo sankabwereranso msanga, n'chifukwa chake matelala ankawanena koma osawasiya.

Kumene anautenga mtima umenewu palibe ankadziwa. Ena ankati unachokera kufakitale ya zovala kumene anaphunzirira ntchito ali mnyamata, ena ankati anabadwa nawo. Wometa tsitsi, munthu wa nthabwala, anawafunsapo tsiku lina atawakhazika pampando, lumo lili pakhosi, kuti, "Achimwene, inuyo mumafunsa chifukwa pa chilichonse chifukwa chiyani?" A Chifukwa anatha mwezi akukametetsa kwina.

Kunyumba nako kunali chimodzimodzi, ndipo tinene zoona, anali munthu wotopetsa kukhala naye. Kapu ikasweka, nkhani sinkathera pa tsache. Yagwa bwanji? Inali pati? Anaiika m'mphepete ndani? Akazi awo anaphunzira kalekale kusunga zifukwa zokonzeratu monga ena amasungira machesi, kuti milandu izitha msanga. Ana aamuna awiri atakula anakapeza ntchito kutali, ndipo foni ankaimbira mayi awo. Amene ankawapirira mafunsowo, mwinanso kuwaseka, anali wamkazi, mzime, amene bambo ake ankamutcha Kasingano poti anabadwa wowonda ndi wamtali. Uyu ndiye anali mtima wawo. Pamene ankakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa galimoto yogawa buledi m'mashopu, a Chifukwa anamupanikiza mkamwiniyo ndi mafunso mpaka tiyi anazizira, ndipo sanamupeze ndi vuto lililonse.

Ndiye Loweruka lina masana, patapita zaka zingapo, Kasingano anatulukira pakhomo ndi sutikesi, kudzanja linalo ndowa ya pulasitiki muli nsapato zake. Anapereka moni, n'kukaika katundu m'chipinda chake chakale, momwe tsopano munkasungidwa matebulo a makina opanda mitu.

"Ndabwera kudzakhala, ababa. Kuja sindibwererako."

"Chifukwa?"

"Ndangobwera."

"Palibe munthu amangobwera. Wakumenya?"

"Ayi."

"Ali ndi mkazi wina?"

"Ayi, ababa. Ndatopa, ndikufuna ndipumule pang'ono."

Chitseko anachitseka mwaulemu, koma anachitseka ndithu.

Kuyambira tsiku limenelo a Chifukwa anasowa mtendere. Patebulo ankamuyang'ana mikono mobisa, kufuna zipsera; panalibe. Akamalankhula pafoni ankatchera khutu ali m'kanjira ka kubafa, koma zomveka zinali za kuntchito kwake kufamase basi. M'mawa Kasingano ankasamba, kuvala, kupita kukagulitsa mankhwala, madzulo n'kubwera ndi tomato, kuthandiza mayi ake kukhitchini, nthawi zina akuimba chapansipansi. Kuimbako ndiye kunkawapweteka kwambiri. Munthu wochoka kubanja amaimba bwanji? Akanakhala kuti akulira, bwenzi akudziwa poyambira.

Ankamulowera mbali iyi, mawa mbali inayo.

"Kodi ndi nkhani ya mwana? Madokotala alipo masiku ano."

"Si zimenezo."

"Apongozi ako akukuvutitsa?"

"Ndi anthu abwino."

"Nanga n'chiyani?"

Kasingano ankangonyamula mbale yake n'kukadyera kuchipinda.

Akazi awo anawachenjeza tsiku lina akuwasitira malaya.

"Bambo, musiyeni mwanayu apume. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Safunsa anadya phula."

"Idyani phulalo kamodzi, simufa nalo. Mlongo wanu wamuimbira kale foni kuti akatopa kuno apite akakhale nawo, ntchito ya mufamase ili paliponse. Mukapitiriza kumufukula chonchi akwera basi, ndipo ameneyu akapita sabwera. Anyamata aja munawathamangitsa kale ndi mafunso, watsala ndi yekhayu."

Mlongo wawoyo ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. A Chifukwa anachita mantha enieni, pakuti nyumba yopanda Kasingano anali ataiona kale ndipo sanaikonde. Analonjeza kuti asiya kumufunsa. Ndipo anasiyadi kumufunsa iyeyo, n'kuyamba kufunsa anthu ena.

M'mawa wina anatseka shopu n'kupita kumene magalimoto a buledi amapakirira. Mkamwini atawaona anatsika msanga n'kuvula chipewa. Anali atawonda, kolala ya yunifolomu ikuchita kulendewera. A Chifukwa anamuyandikira kwambiri pomupatsa moni, kuti amve ngati akununkha mowa. Ankanunkhira buledi.

"Bambo, ine ndiye ndimafuna ndikufunseni inu," anatero mnyamatayo, misozi ili lengelenge. "Ndalakwa chiyani? Sitinakangane. Ndinapita kuntchito, pobwera ndinapeza m'nyumba mosesa, chakudya chovundikira patebulo, iye kulibe. Akanangondiuza, ndikanasintha."

Apa a Chifukwa anapeza mnzawo wa matenda amodzi. Awiriwa anakhala pa makireti opanda kanthu n'kuyamba kulimasula banjalo chidutswa ndi chidutswa: abale, kupemphera, mabwenzi a mwamuna, kaphikidwe, ngakhale kuliza mkonono. Chilichonse chinali m'malo mwake. Atachoka apo anakagogoda kwa mayi woyandikana nyumba ndi banjalo, amene anati sanamvepo phokoso ngakhale tsiku limodzi, ndipo anthu awiriwo ankachita kuyanikira limodzi zochapa. Anafika mpaka kufamase nthawi imene ankadziwa kuti Kasingano wapita kukadya, n'kugula mankhwala a mutu amene sankawafuna, kuti amukokere pambali mtsikana wogwira naye ntchito. Mtsikanayo anangoti, "Mukamufunse mwini wake, bambo." Madzulo a tsikulo Kasingano sanaimbe kukhitchini, ndipo moni anapereka akuyang'ana kumbali.

Ntchito nayo inayamba kuima. Mitu ya makina inadzaza mashelefu mpaka ina pansi, matelala akubwera kudzadandaula pakhomo. Iwo ankapezeka atagwira sikuludiraiva osakumbukira chimene amafuna kumasula. Ankatuluka, kuyenda mpaka pa ngodya ya msika, kubwerera, kutsegula botolo la masikuluu, kulitsekanso. Wogulitsa maloko anadandaula kuti akumuchititsa chizungulire ndi kudutsadutsa kwawoko.

Mmodzi wa olondola makina awo anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, amene ankasoka makatani kuti asamangokhala. Makina ake anali m'gulu la ochira okha aja, ndipo a Chifukwa ankawakaniza.

"Aphunzitsi, inu munawerenga mabuku," anatero a Chifukwa osawayang'ana, akupukuta shatulo yoyera kale, kachitsulo kokokera ulusi wapansi. "Chilipo chinthu chimene chimachitika popanda chifukwa?"

Mayiwo anaseka, n'kukhala pa mpando umene mwini wake sankakhalapo uja.

"M'Chingerezi muli mawu ake, amene ndinkavutika nawo pophunzitsa ana. Amati chinthu chilibe kayimbidwe, chilibenso chifukwa. Ndiye kuti ukachitchera khutu sichigwirizana ngati nyimbo, ukachiganizira sichimveka mutu wake. Amatero ponena za mvula yogwa mbali imodzi ya msewu, kapena bwana amene lero wakukweza, mawa wakuchotsa."

"Ndiye kuti chifukwacho kulibiretu?"

"Ana ankafunsanso chomwecho. Ine ndinkawauza kuti wonenayo sakulumbira kuti kulibe. Akungovomera kuti iyeyo wayang'ana ndipo sakuchiona. Ndi mawu a munthu amene watula katundu pansi."

"Ndi mawu a munthu waulesi," anatero a Chifukwa. "Sanatsegule kunsi."

"Mwina. Koma makina anga ndikuwafuna, mazenera a kwa mwana wanga ali pambalambanda."

Sanawapatse. Mayiwo anachoka akupukusa mutu, ati abweranso ndi mdzukulu wawo wamphamvu adzawanyamule mokakamiza.

Akuyang'ana makina a aphunzitsiwo ndi pamene nzeru inawafikira, nzeru ya ntchito yawo yomwe. Chitsulo chili chokha pa tebulo sichiulula kanthu. Shatulo payokha imaoneka yabwino, singano payokha yabwino. Kugunda kumamveka ukazibwezera pamodzi n'kupukusa gudumu pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Iwo nthawi yonseyi ankamvetsera Kasingano payekha, mkamwini payekha. Anadzimenya pamphumi. Anatumiza uthenga kwa mkamwini kuti Lamulungu masana adzadye nawo, koma kunyumba sanauze munthu. Anangogula nkhuku yaikulu, akazi awo n'kumadabwa kuti kwagwanji.

Mkamwini anafika atavala jekete, atanyamula buledi wochuluka kuposa amene banja lingamalize. Kasingano anali akutuluka kukhitchini ndi mbale ya mpunga. Anaima. Anayang'ana mwamuna wake, kenako bambo ake, ndipo pa bambo akewo maso anakhalitsapo. Koma anali mwana woleredwa bwino: anaika mbale patebulo, anapereka moni, n'kukhala pansi. Mayi ake anangoluma mlomo.

A Chifukwa anadikira kuti aliyense atenge chakudya, n'kuyamba kupukusa gudumu lawo pang'onopang'ono.

"Kasingano, kuntchito kukuyenda bwanji?"

"Kumeneko amamukonda kwambiri, bambo," anayankha mkamwini. "Abwana ake amati palibenso wina."

"Nanga maphunziro aja unkafuna kupitiriza?"

"Tinagwirizana kuti adikire kaye," anateronso mnyamatayo, akumuikira mkazi wake ntchafu ya nkhuku m'mbale. "Iyi ndi imene amaikonda."

Mwendo wa a Chifukwa unasiya kunjenjemera. Anaponyanso funso lina ladala, lofunsa ngati mutu unkamuvuta kale uja unasiya, ndipo linayankhidwanso ndi mkamwini, kuti unasiya kalekale. Anamenya tebulo mpaka masipuni analira.

"Ndachipeza! Nachi! Iwe mwana wanga, umamuyankhira mkazi wako. Chilichonse ndamufunsa pano wayankha ndiwe. Munthu angapume bwanji? Ndi kanthu kakang'ono, kongomasula pang'ono basi."

"Zoona, bambo?" Nkhope ya mkamwini inawala. "Ndi zokhazo? Ndisiya lero lomwe! Ndikulonjeza, sindidzamuyankhiranso."

Amuna awiriwo anagwirana chanza pamwamba pa mbale ya nkhuku, akuseka ngati apeza mwana wotayika. A Chifukwa anatembenuka kuti alandire zikomo wa mwana wawo, koma pampando pake panalibe munthu.

Anamupeza kuchipinda akupinda zovala. Sankalira ndipo sankafulumira.

"Si chimenecho kodi?"

"Zimenezo amachita, inde. Koma si chimenecho, ababa."

"Nanga n'chiyani? Ungondiuza kamodzi kokha, mwana wanga, mtima wanga ukhale pansi."

Kasingano anakanikiza sutikesi ndi bondo n'kukoka zipi.

"Ababa, ine ndimakudziwani. Chinthu mukachipezera chifukwa, mumachikonza. Mukachikonza, mumakachibweza kwa mwini wake. Ine sindinabwere kudzakonzedwa. Ndinabwera kwathu."

Anatulukira khomo lakumbuyo kuti asadutse pabalaza. Mayi ake anamukumbatira kukhitchini osamuletsa, anangomulongedzera nyama m'kabakuli kuti akadye panjira. A Chifukwa anamutsatira ali ndi masilipasi a m'nyumba, n'kumulanda sutikesi, osati kuti amubweze, koma poti sakanalola mwana wawo asenze katundu iwo akuona. Anayenda limodzi mpaka pokwerera mabasi, dzuwa likuswa mtengo, sutikesi ikuwagunda bondo. Anadutsa pa msika, pa shopu yawo yotseka, pa makhonde a matelala opanda anthu. Basi yopita kwa mlongo wawo inali itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Usapite," anatero. "Khala. Chipinda n'chako, matebulo aja ndichotsa mawa. Sindidzakufunsanso, ndikulumbira."

Kasingano anawayang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho chinawapweteka kuposa mmene mkwiyo ukanawapwetekera.

"Ndikudziwa kuti mungayesetse, ababa. Koma ngakhale panopa nkhope yanu ikufunsa."

Anawagwira dzanja ndi manja ake awiri, n'kukwera. Anakhala mbali yakutali ndi zenera. A Chifukwa anaima pomwepo mpaka basi inakhota, utsi wake n'kuzimiririka, ogulitsa madzi akuwalambalala.

Kunyumba anapeza mkamwini atapita, buledi wake ataunjika pa kabati. Akazi awo anali chikhalire patebulo, chakudya chitazizira m'mbale.

"Wapita," anatero a Chifukwa.

"Ndadziwa."

Anakhala pansi, manja ali pamawondo. Kwa nthawi yoyamba anaoneka nkhalamba.

"Wapita nacho chifukwa chake. Palibe adzachidziwe."

"Ine ndikuchidziwa," anatero akazi awo mwakachetechete.

"Inu? Anakuuzani liti?"

"Masiku oyambirira omwe aja. Tinkasenda mbatata kukhitchini, iye n'kungoyamba yekha."

"Munamufunsa bwanji?"

"Sindinamufunse."

A Chifukwa anavula magalasi n'kuwagwira m'manja. Anamva bwinobwino chimene anauzidwacho, pakuti sanali munthu wopusa, ndipo chinawalasa mpaka m'mafupa. Mwana wawo anali pamsewu, mwina asanatuluke n'komwe mumzinda, ndipo lumbiro lawo linali lisanaume pakamwa. Pansi pa tebulo mwendo unayambanso kunjenjemera. Anaugwira ndi dzanja. Mawu anakwera kukhosi, anawameza, anakweranso.

"Ndiye n'chiyani?"

Akazi awo ananyamuka n'kuyamba kusonkhanitsa mbale.